Nsomba ndi nkhanu za m'nyanja zozizira: zoyenera kudziwa musanaziike pa menyu

Mawu akuti "nsomba yosawetedwa ya m'madzi ozizira" amagulitsa chakudya. Kasitomala akawaona pa menyu amaganiza za boti likulimbana ndi mafunde kutali uko, ndipo mtengo ukakhala wokwera sawiringula kwambiri. Koma kwa amene ali kukhitchini mawuwa sanena kanthu kenikeni. Pansi pa dzina limodzili pali cod, yomwe mnofu wake ulibe mafuta, komanso sablefish, yomwe imachita kuchucha mafuta m'chiwaya. Pali lobster yofunika kufika pakhomo ikuphiriphitha, ndi king crab yomwe nthawi zambiri imafika itaphikidwa kale n'kuundanitsidwa. Ina imapezeka masabata ochepa okha pachaka. Ina boma litha kuiletsa zaka ziwiri zotsatizana, mwini lesitilanti n'kugwira njakata.

Chimene chimafika pambale chimadalira mtundu weniweni wa nsombayo, nyanja imene yachokera, mwezi umene yaphedwa, ndi zimene zinaichitikira kuchokera pamene inavuulidwa m'madzi mpaka kufika pathabwa lodulirapo. Wophika wodziwa zimenezi akhoza kugula nsomba yotchipa anthu n'kunyambita zala.

Zimene kuzizira kumachita

M'nyengo yachisanu mphepo ndi mafunde zimavundula nyanja za kumpoto n'kukweza chonde chomwe chinadikha pansi. Dzuwa likabwerera, tizomera tosaoneka ndi maso timachulukana modabwitsa. Tizilombo ting'onoting'ono timadya tizomerato, herring ndi capelin zimadya tizilomboto, cod n'kumadya herring ndi capelin. N'chifukwa chake nyanja za Barents, Bering ndi North Sea zili ndi mitundu yochepa ya nsomba poyerekeza ndi nyanja za kotentha, koma mtundu uliwonse umakhala wochuluka zedi. Mafuta a omega-3 amene anthu amatamanda aja amayambira m'tizomera tomweti. Nsomba zimangowasonkhanitsa.

Koma si nsomba iliyonse ya kozizira imene ili yonona. Cod imasunga mafuta ake m'chiwindi, ndipo m'mnofu mwake safika ngakhale galamu imodzi pa magalamu 100. Mackerel imasunga m'mnofu momwemo, moti yophedwa chilimwe cha kumpoto chitangotha imapitirira magalamu 20 pa 100. Kusiyana kumeneku ndiko kumalamula moto. Nsomba yonona imakhululukira wophika amene wachedwa kuiphula. Yopanda mafuta siikhululuka.

Chinthu china ambiri amachimva mozondoka: amaganiza kuti nsomba ya kozizira imachedwa kuwonongeka. Pa ayezi, nsomba zambiri za kotentha ndi zimene zimakhalitsa. Mabakiteriya okhala pakhungu, m'makha ndi m'matumbo a cod anazolowera kale madzi a madigiri 2 kapena 4, choncho ayezi amangowachedwetsa, sawadzidzimutsa. Cod yotumbulidwa bwino n'kukwiriridwa mu ayezi imadyeka mpaka masabata awiri chiphedwereni, ngakhale ubwino wake weniweni uli m'sabata yoyamba. Ikasungidwa pa madigiri 5, nthawi imeneyi imadulidwa pakati. Ndiye pofunsa wopikulitsa, musakhutire ndi tsiku limene nsombayo yafika kwa iye. Funsani tsiku limene inatuluka m'madzi, chifukwa sitima ikhoza kutha sabata panyanja isanakocheze. Fungo lija anthu amati ndi "fungo la nsomba" limabwera mabakiteriya akayamba kuphwanya mankhwala achilengedwe a m'mnofu otchedwa TMAO. Nsomba yabwino imamveka kafungo ka nyanja basi.

Cod ndi abale ake

Cod ya ku Atlantic ikapsa, mnofu wake umamasuka m'zigawo zikuluzikulu zosalala, ndipo kakomedwe kake n'kofatsa moti imalola batala, adyo, vinyo, nyama yankhumba yowamba, chilichonse chimene wophika waiphatikiza nacho. Gulu lalikulu kwambiri la cod lero lili m'nyanja ya Barents, komwe Norway ndi Russia akhala akugwirizana mlingo wopha chaka ndi chaka kuyambira m'ma 1970. Cod zokhwima za m'gululi zimasambira ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000 kukaswana kugombe la kumpoto kwa Norway, makamaka kuzilumba za Lofoten. Zimenezi ndi zomwe amazitcha skrei, ndipo nyengo yake ndi Januwale mpaka Epulo. Ulendowo umalimbitsa mnofu, ndipo kuti nsomba ipatsidwe chizindikiro cha skrei iyenera kulongedzedwa pasanathe maola 12 chiphedwereni. Menyu yolemba skrei mu Ogasiti ikunena za nsomba ya mufiriji, apo ayi ikunama.

Mlingo wa ku Barents wakhala ukutsika. Mu 2013 unali matani 1 miliyoni, mu 2025 unali matani 340,000, ndipo aliyense wooda cod wazimva m'thumba. Amene amaganiza kuti nsomba yochuluka singathe akumbukire Newfoundland. Kwa zaka pafupifupi 500 asodzi a ku Ulaya ankawoloka Atlantic kukapha cod kumeneko. Kutabwera sitima zikuluzikulu za makoka zokhala ndi fakitale momwemo, mu 1968 mokha anavuula matani oposa 800,000. Pa 2 Julayi 1992 boma la Canada linatseka usodzi wa cod kumeneko, anthu pafupifupi 30,000 ntchito n'kuwathera. Ankati atseka zaka ziwiri. Anadzatsegula mu 2024, ndi mlingo wa matani 18,000 okha.

Haddock ndi mng'ono wake wa cod. Mumaizindikira ndi mzere wakuda m'mbali mwake ndi banga lakuda pafupi ndi chipsepse cha kumutu, pomwe mzere wa cod ndi woyera. Mnofu wake ndi wofewa, wotsekemerako, ndipo umakoma kwambiri ukawambidwa pautsi, monga Arbroath smokie ya ku Scotland. Saithe, yomwe ena amati coley, imatchipa chifukwa mnofu wake ndi wotuwa ikakhala yosaphika. Ikapsa imayera ndithu, ndipo m'msuzi wa zokometsera zambiri ine ndingasankhe iyoyo kusiyana ndi cod, yomwe imasowa pakati pa tsabola ndi adyo. Alaska pollock ndi nkhani ya mafakitale: matani oposa 3 miliyoni pachaka, makamaka ochokera ku Russia ndi America, omwe amathera m'tizidutswa tokutidwa ndi nyenyeswa za buledi ndi mu surimi, "nyama ya nkhanu" yabodza ija. Pokazinga m'mafuta ambiri palibe chifukwa choinyozera.

Halibut ili payokha. Ndi nsomba yaphwatalala yokhala pansi pa nyanja, maso onse awiri ali mbali imodzi, ndipo zazikazi zimatha kupitirira makilogalamu 200. Imatuluka minofu inayi yokhuthala, yoyera, yopanda minga, n'chifukwa chake malesitilanti odula amaikonda. Koma mafuta ake ndi ochepa, ndipo mphindi imodzi yowonjezera pamoto imaisandutsa chinthu chouma chovuta kumeza. Ya ku Pacific imayang'aniridwa ndi bungwe limene America ndi Canada anakhazikitsa kudzera m'pangano la mu 1923. Chaka cha 1995 chisanafike, ku Alaska nyanja inkatsegulidwa tsiku limodzi kapena awiri okha, maboti onse n'kuthamangirana ngakhale kuli namondwe, nsomba yonse n'kufika padoko nthawi imodzi, yambiri n'kuthera mufiriji. Atayamba kupatsa msodzi aliyense gawo lake, nyengo inatalika kuyambira Malichi mpaka kumapeto kwa chaka. Halibut ya fuleshi imene ophika lero amaiona ngati chinthu wamba inabwera chifukwa cha lamulo limeneli. Chenjerani ndi Greenland halibut: ndi mtundu wina, wonona ndi wofewa, wabwino powamba, koma mtengo wake suyenera kufanana ndi wa halibut yeniyeni.

Salmon: mitundu isanu, nyengo yaifupi

Apa ndi pamene menyu zambiri zimanama, nthawi zina mosadziwa. Pafupifupi salmon yonse ya ku Atlantic imene ili pamsika ndi yowetedwa m'makola a m'nyanja, makamaka ku Norway ndi ku Chile. Yosawetedwa yamtunduwu inachepa moti usodzi wake wamalonda unatsekedwa pafupifupi kulikonse. Choncho salmon yosawetedwa imene lesitilanti ingagule ndi ya ku Pacific, ndipo kumbali ya America ndi Canada ilipo mitundu isanu.

Zonse zimabadwira mumtsinje, zimakulira m'nyanja yamchere, kenako zimabwerera kumtsinje womwe zinabadwira kukaikira mazira n'kufa. Zikangolowa m'madzi opanda mchere zimasiya kudya. Ndiye nsomba imene ili ndi ulendo wautali wokwera mtsinje imafika pamathiriro itadzaza mafuta oti iyendere, ndipo pamenepo ndi pomwe asodzi amaidikirira. Ichi n'chifukwa chake dzina la mtsinje limalembedwa pa menyu. Salmon ya mumtsinje wa Copper ku Alaska, yomwe nyengo yake imatsegulidwa chapakati pa Meyi, imadula chifukwa cha mafuta amenewa, komanso, tinene mosabisa, chifukwa ndi yoyambirira kufika pamsika ndipo amene amaigulitsa anadziwa kuitsatsa.

King, yomwe imatchedwanso Chinook, ndi yaikulu ndi yonona kuposa zonse, ndipo ndi imene ikusowa kwambiri. California inatseka usodzi wa salmon wamalonda mu 2023 ndi 2024, ndipo mu 2024 Alaska ndi Canada anagwirizana zosiya kupha king ya mumtsinje wa Yukon kwa zaka 7. King zina zimakhala ndi mnofu woyera chifukwa cha chibadwa. Kale asodzi ankazigulitsa motchipa, lero ophika amazisakasaka.

Sockeye ndiyo msana wa malonda a salmon yosawetedwa. Mnofu wake ndi wofiira kwambiri chifukwa cha tinkhanu ting'onoting'ono timene imadya, ndi wolimba, ndipo kakomedwe kake n'kamphamvu. Ku Bristol Bay, ku Alaska, mu 2022 kunabwerera sockeye pafupifupi 79 miliyoni, koma nsomba zonsezo zimafika m'masabata ochepa, chimake chili kumayambiriro kwa Julayi. Palibe msika umene ungadye zonsezo zili fuleshi, choncho zambiri zimaundanitsidwa. Vuto la sockeye kukhitchini n'lakuti mnofu wake ndi wopyapyala. Wophika amene anazolowera salmon yowetedwa, yokhuthala ndi yamafuta, akaipatsa nthawi yomweyo pamoto amaiumitsa, kasitomala n'kumati yosawetedwa siikoma.

Coho imabwera mochedwerapo, kuyambira Julayi mpaka Sepitembala kapena Okutobala. Ndi yofatsa mkamwa ndipo khungu lake limakhutchuka bwino m'chiwaya. Pink ndi yaing'ono, imakhala zaka ziwiri zokha, ndipo yambiri imalowa m'zitini. Chum, imene pamsika amaitcha keta, ili ndi mafuta ochepa, koma mazira ake akuluakulu ndi amene amapanga ikura ya ku Japan. Dziwaninso kuti ngakhale Alaska inaletsa kuweta nsomba m'makola mu 1990, pink ndi chum zambiri za kumeneko zimaswedwa m'malo oswetsera mazira n'kutayidwa m'nyanja zili zing'onozing'ono. Zimakula zokha, zimaphedwa ndi asodzi, ndipo lamulo limazitcha zosawetedwa.

Zonona zotchipa ndi zonona zodula

Mackerel ndi herring ndi nsomba zimene zingapatse lesitilanti phindu labwino, chifukwa zimatchipa koma zimakoma mwamphamvu. Zimafuna moto waukali, mchere ndi kanthu kowawasa. Zimafunanso changu. Mafuta ake amasasa msanga, ndipo mackerel ikasiyidwa pofunda imapanga histamine, yemwe amachititsa wodya kufiira nkhope, kumva mutu ndi kutuluka zidzolo patangopita mphindi zochepa. Kuphika sikumuchotsa. Mackerel ya kumpoto chakum'mawa kwa Atlantic inalandidwa chizindikiro cha MSC, chosonyeza kuti usodzi wake ndi wosamalidwa bwino, mu 2019, chifukwa mayiko oipha analephera kugwirizana kagawidwe, aliyense n'kumadziikira mlingo wake, zonse pamodzi n'kupitirira zimene asayansi analangiza.

Sablefish, yomwe menyu zambiri zimalemba kuti black cod ngakhale si cod n'komwe, imakhala kwakuya kumpoto kwa Pacific. Ndi yonona moti n'zovuta kuiwononga pamoto, ndipo imeneyi ndi nsomba yopatsa wophika watsopano usiku umene makasitomala achuluka. Inatchuka m'malesitilanti a kumadzulo pamene wophika wa ku Japan Nobu Matsuhisa anayamba kuinyika mu miso, chokometsera chopangidwa ndi soya wosasitsa, masiku angapo asanaiotche.

Kum'mwera kwenikweni kwa dziko kuli Patagonian toothfish. Dzina loti Chilean sea bass linapekedwa mu 1977 ndi wopikulitsa nsomba wa ku America, Lee Lantz, ataona kuti palibe angaitanitse nsomba ya dzina lotchula mano. Dzinalo linagwira ntchito mopitirira muyeso. Pofika m'ma 1990 sitima zozembera malamulo zinadzaza nyanja za kum'mwera, ndipo mu 2003 sitima yolondera ya Australia inathamangitsa imodzi mwa izo, Viarsa 1, kwa masabata atatu. Lero usodziwu uli ndi dongosolo lamphamvu la zikalata pansi pa bungwe la CCAMLR, loteteza zamoyo za m'nyanja zozungulira Antarctica. Nsombayi imakula pang'onopang'ono ndipo imakhala zaka zambiri, choncho wopikulitsa amene sangakuonetseni chikalata chake musamugule.

Za zigoba

Lobster ya zopanira zikuluzikulu ilipo mitundu iwiri: ya ku America, yochokera ku Maine ndi kum'mawa kwa Canada, ndi ya ku Ulaya, yobiriwira mwabuluu, yosowa ndi yodula. Zonse amazikola m'miono. Malamulo a ku Maine ndi ochititsa chidwi chifukwa amateteza zazing'ono ndi zazikulu zomwe: chigoba cha pamsana chisachepere mainchesi 3¼ ndipo chisapitirire mainchesi 5. Msodzi akakola yaikazi yonyamula mazira amaidula kachizindikiro ka V kumchira n'kuibweza m'madzi, ndipo aliyense wodzaikola pambuyo pake, ngakhale ilibe mazira, ayenera kuibwezanso.

Chofunika kwa wogula ndi kulimba kwa chigoba. Lobster imafundula kuti ikule, ndipo ikangofundula, m'chilimwe, chigoba chatsopano chimakhala chofewa ndi chodzaza madzi. Nyama yake ndi yotsekemera koma yochepa, ndipo lobster yotere siipirira ulendo wautali. Ya chigoba cholimba ndi imene imakwera ndege. Ngakhale imeneyo, nyama yake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kulemera kwake konse, ndipo wowerengera mtengo wa mbale ayambire pamenepo. Ikafa, nyama imayamba kufewa m'maola ochepa. Madzi opanda mchere amaipha, choncho siisungidwa pa ayezi wosungunuka. Imafuna pozizira, yofunditsidwa nsalu kapena pepala lonyowa. Ku Switzerland, kuyambira 2018, n'koletsedwa kuiponya m'madzi owira isanakomoledwe.

Langoustine, yomwe ena amati scampi kapena Dublin Bay prawn, imakhala m'mauna m'matope a pansi pa nyanja, ndipo yambiri imachokera ku Scotland. Yokoledwa m'miono imafika yamoyo, iliyonse m'kachipinda kake kuti zisalumane. Ya m'makoka nthawi zambiri imafika itafa ndipo imagulitsidwa michira yokha. Mitengo yake ndi yotalikirana, ndipo pambale kusiyanako kumamveka.

Nkhanu za ku Bering Sea zaphunzitsa malesitilanti phunziro lowawa. Pakati pa 2018 ndi 2021 snow crab pafupifupi 10 biliyoni zinasowa. Asayansi anapeza kuti madzi atafunda, matupi a nkhanuzo anafuna chakudya chochuluka kuposa chimene chinalipo, ndipo zinafa ndi njala. Mu Okutobala 2022 Alaska inalengeza koyamba m'mbiri kuti nyengo ya snow crab sitsegulidwa. Red king crab ya ku Bristol Bay inatsekedwanso mu 2021 ndi 2022. Pamwamba pa izo America inaletsa nsomba ndi nkhanu za ku Russia mu Malichi 2022. Lesitilanti imene inamanga dzina lake pa miyendo ya king crab inatsala ndi Norway, komwe nkhanuyi ndi mlendo: asayansi a Soviet Union anaibweretsa ku Barents m'ma 1960 kuchokera ku Pacific, iyo n'kufalikira mpaka ku Finnmark, kumpoto kwa Norway. Snow crab yambiri tsopano imachokera ku Canada. Popeza miyendo ya nkhanuzi imafika yophikaphika, ntchito ya kukhitchini ndi kuisungunula pang'onopang'ono n'kungoitenthetsa. Kuiwiritsanso ndi kutaya ndalama.

Prawn ya kozizira, Pandalus borealis, ndi yaing'ono, yotsekemera, ndipo ndi imene imabweretsa ndalama zambiri zakunja ku Greenland. Imayamba moyo ili yaimuna, n'kudzasanduka yaikazi ikakula. Nthawi zambiri imawiritsidwa pasitima pomwepo, choncho malo ake ndi m'zakudya zozizira kapena kumapeto kwenikweni kwa msuzi. Ku Gulf of Maine, komwe madzi akufunda mofulumira, usodzi wake unatsekedwa kuyambira nyengo ya 2014. Spot prawn ya ku British Columbia, ku Canada, ndi yaikulu, nyengo yake imayamba mu Meyi ndipo imatha m'masabata ochepa. Ikafa mutu ukadalipo, madzi a m'mutumo amasungunula nyama. Muigule yamoyo, apo ayi yodulidwa mutu kale.

Pa scallop, nkhono za m'nyanja za zigoba ziwiri, ndi pamene ogula ambiri amapusitsidwa. Ogulitsa ena amazinyika m'madzi a phosphate kuti zimwe madzi n'kulemera. Zoterezi zimaoneka zoyera mbee, zonyezimira, zitakhala m'madzi otuwa, ndipo mukaziika m'chiwaya chotentha zimalavula madziwo n'kuyamba kuwira m'malo mofiira. Zosanyikidwa, zomwe pamsika amati dry, zimakhala zoderako ndi zomata pang'ono m'manja. Chilembo cha U10 pabokosi chimatanthauza kuti sizikwana 10 pa kulemera kwa paundi imodzi. Scallop zambiri amazipha pokoka zitsulo za mano pansi pa nyanja, zomwe zimagumula zamoyo zina ndi kulowetsa mchenga m'zigoba. Zotoledwa ndi manja ndi anthu omira pansi pa madzi n'zochepa kwambiri, moti mawu oti hand-dived akalembedwa pa scallop yotchipa, kayikirani. Malonda ake ndi a ndalama zambiri: doko la New Bedford ku Massachusetts lakhala patsogolo pa madoko onse a America pa ndalama za usodzi kwa zaka zoposa 20 chifukwa cha scallop, ndipo mu Ogasiti 2018 maboti a France ndi Britain anagundana ku Baie de Seine, kugombe la France, polimbirana zomwezi.

Mussel ndi oyster ndingozitchula podutsa, chifukwa zambiri mwa zimene zili pamsika ndi zowetedwa, ndipo palibe cholakwika ndi zimenezo. Oyster zosawetedwa zatsala m'malo owerengeka, monga mumtsinje wa Fal ku Cornwall, ku England, komwe lamulo limalola maboti a matanga ndi opalasa okha.

Nyongolotsi ndi poizoni

Nsomba yosawetedwa imadya zamoyo zinzake, choncho imakhala ndi nyongolotsi. Anisakis imapezeka mu herring, mackerel, cod ndi salmon ya ku Pacific, ndipo imakhwimira m'mimba mwa anamgumi. Munthu akaimeza yamoyo imaboola khoma la chifu kapena matumbo. Matendawa anafotokozedwa koyamba ku Netherlands mu 1960 mwa anthu odya herring yosaphika. Kutentha kwa madigiri 60 mpaka pakati pa mnofu kumaipha. Mchere wochepa, mandimu, viniga ndi utsi wozizira siziipha. Ndiye nsomba yosawetedwa yodyedwa yosaphika iyenera kuyamba yaundanitsidwa: lamulo la European Union limati -20°C kwa maola osachepera 24, kapena -35°C kwa maola 15, pomwe FDA, bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, imati -20°C kwa masiku 7. Chodabwitsa n'chakuti pa sushi, salmon yowetedwa yodya chakudya cha kufakitale ndi imene ilibe vutoli, ndipo sockeye "yongotuluka m'madzi kumene" ndi imene ili yoopsa.

Za zigoba zosefa madzi, monga mussel, oyster ndi scallop, zimasonkhanitsa poizoni wa tizomera tina tikachulukana m'nyanja. Poizoniyu samva moto ndipo alibe fungo. Mu 1987 mussel za ku Prince Edward Island ku Canada zinadwalitsa anthu oposa 100, atatu n'kumwalira, ena n'kutsala ndi vuto loiwala. Chitetezo chokha ndi kugula kwa ovomerezeka, ochokera m'madzi amene boma limayeza, ndi kusunga kachiphaso kobwera ndi thumba lililonse. Ku America lamulo limati kasungidwe masiku 90.

Dzina la pabokosi ndi dzina la pa menyu

Mu 2013 bungwe la Oceana linatulutsa zotsatira za kuyeza DNA ya nsomba 1,215 zogulidwa m'masitolo ndi m'malesitilanti a ku America, ndipo imodzi mwa zitatu zilizonse inali ndi dzina labodza. Mnofu woyera wosendedwa khungu ndi wovuta kuuzindikira ngakhale kwa katswiri, n'chifukwa chake ophika ambiri amaumirira kugula nsomba yathunthu, kapena ya khungu. Ku European Union, chikalata cha nsomba chiyenera kuonetsa dzina la sayansi, ngati ndi yowetedwa kapena ayi, dera limene inaphedwa ndi chida chimene anaphera. Manambala a madera a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ndi osavuta kuloweza: 27 ndi kumpoto chakum'mawa kwa Atlantic, 21 kumpoto chakumadzulo kwake, 67 ndi mbali ya Alaska, 61 mbali ya Russia ndi Japan. Chizindikiro chabuluu cha MSC, bungwe lomwe linayambitsidwa mu 1997 ndi bungwe loteteza zachilengedwe la WWF ndi kampani ya Unilever, chimathandiza, koma chimanena za kasamalidwe ka usodzi. Sichinena ngati nsombayo inasungidwa bwino.

Pa nkhani ya fuleshi ndi ya mufiriji, ndili kumbali imene makasitomala ambiri sayembekezera. Nsomba yotumbulidwa, kukhetsedwa magazi n'kuundanitsidwa pasitima m'maola ochepa imaposa ya "fuleshi" imene yatha masiku 10 pa ayezi. Yoipa ndi youndanitsidwa kawiri: imaphedwa ku Bering kapena ku Barents, imatumizidwa kufakitale ya kutali, nthawi zambiri ku China, imasungunulidwa, kudulidwa minofu, n'kuundanitsidwanso. Ikafika m'chiwaya imataya madzi ambiri. Cod ndi abale ake zilinso ndi vuto lawolawo: firiji ikamakwera n'kutsika, mnofu umalimba n'kukhala wa ulusiulusi. Funsani ngati kulemera kwa pabokosi kukuphatikiza ayezi wokutira nsombayo, ndipo sungunulani mufiriji usiku wonse, pa chinthu chobowoka kuti madzi azidontha.

Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Menyu ya mitundu 12 ya nsomba za fuleshi imatanthauza kuti zina zikugona m'khitchini masiku anayi kudikira wozifuna. Zitatu kapena zinayi n'zokwanira: yoyera imodzi, yonona imodzi, ya chigoba imodzi, ndi ina yotchipa yomwe ingabweze ndalama zimene lobster ikudya. Mbale zikonzedwe motsata khalidwe la mnofu, kuti cod ikadula haddock kapena saithe ilowe m'malo mwake msuzi osasintha, king ikasowa coho ilowe, nthawi ya pamoto yokha n'kuchepetsedwa. Mayina a nsomba, nyanja yake ndi kaphedwe kake zilembedwe pa kapepala kosindikizidwa tsiku lomwelo, osati pa menyu yaikulu yosindikizidwa kamodzi pachaka, ndipo operekera zakudya auzidwe makasitomala asanayambe kulowa kuti halibut yalero ndi ya ku Pacific, yophedwa ndi mbedza, ndiponso kuti sockeye ya mu Febuluwale ndi ya mufiriji.